Ena Khadi, Ena Kabuku

Nkhani ya kudwala ndi kulipira taikamba mpaka kukamwa kuuma, koma palibe akufuna kuisiya. M'minibasi yakambidwa, pabawo yakambidwa, pamaliro ndiye osachita kunena, chifukwa pamenepo aliyense amasanduka dokotala ndipo amadziwa bwino lomwe kuti malemu akanapita kwakutikwakuti bwenzi pano akudya nafe nsima. Aliyense ali ndi mlandu wake, aliyense ali ndi mboni yake. Chovuta n'chakuti mboniyo nthawi zambiri imakhala mlamu wa mnzake wa neba, munthu amene palibe anamuonapo.

Chilipo chimodzi chokha chimene tauni yonse imavomerezana popanda kukwezerana mawu: odwala m'dziko muno alipo a mitundu iwiri, a khadi ndi a kabuku. Wa khadi mutu ukamuwawa amayamba wasamba, n'kumwa tiyi, kenako n'kuliza galimoto kupita kuchipatala cha pulayiveti, kumene amamufunsa nambala ya sikimu asanamufunse pamene pakupweteka. Wa kabuku amadzuka kusanache, kabuku ka kuchipatala atakakulunga m'jumbo kuopa mvula, kuti akapeze malo pabenchi. Pofika amapeza anzake anamuyambirira kale. Malungo ndi omwewo, mwinanso udzudzu wake ndi womwewo, pakuti chipinda cha bwana ndi kanyumba ka mlonda wake sizitalikirana kwenikweni.

Kupitirira apo, mgwirizano watha.

Ena amalumbira kuti masiku ano aliyense ali pa MASM kapena pa sikimu ina, ndipo amene alibe khadi n'ngosafuna chabe. Mukawayang'anitsitsa onena zimenezi ndi a m'mabanki, a m'makampani akuluakulu ndi a m'mabungwe, amene Malawi wawo amathera pageti la kuntchito. Akafukufuku akamayenda khomo ndi khomo amapeza kuti okhala ndi inshuwalansi ya zaumoyo sakwana ngakhale asanu pa anthu 100 alionse. Kalembera wa 2018 anatipeza tilipo oposa 17 miliyoni, ndipo oposa 80 pa 100 alionse ali kumudzi, kumene khadi lodziwika ndi chiphaso cha unzika chogulira feteleza wotsika mtengo.

Komatu musaganize kuti a khadiwo akugona tulo tabwino. Akhazikeni pansi mumve. Uyu akuti analowa kuchipatala akuyenda mwachibwana, potuluka anamuitana pawindo n'kumuuza kuti pali shortfall, ndiye anakongola ndalama kwa mesenjala wa kuofesi kwake. Uyo akuti ngakhale pakati pa a khadi pali a kutsogolo ndi a kumbuyo: sikimu ya akalaliki, sikimu ya mabwana, ndi sikimu ya mabwana a mabwana imene imatha kukukweza ndege. Wina akuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zinakwera, mankhwala, zoyeza, ndalama yodula pamwezi, kupatula malipiro. Ndiye pali amadala opuma pantchito, amene madandaulo awo ndi omveka kuposa onse. Iwo akuti anadulidwa ndalama zaka zonse zimene anali ndi mphamvu, chimfine chokha n'chimene chinkawapititsa kuchipatala, koma tsiku limene anabweza makiyi a ofesi khadi la kampani linatsala komweko, BP ndi shuga n'kuwalonjera pakhomo.

Ndipo khadi limadziwa bambo, mayi ndi ana owerengeka, pamene banja la Mmalawi silinayambe lawerengekapo. Azakhali afika kuchokera kumudzi mwendo utatupa, mwana wa malemu achimwene akutsokomola, apongozi maso achita khungu. Apa mpamene pamabadwira nthano zimene tauni imazikonda. Ena amanenetsa kuti akudziwa agogo a imvi mbuu amene anathandizidwa pa khadi la mdzukulu wa Sitandade 5. Ena amaonjeza kuti kuli bambo wina wandevu amene mabuku a sikimu amaonetsa kuti anachira mapasa. Ife tikuti zambiri mwa izi ndi zokometsera macheza, ngakhale kuti siziyamba zokha. Munthu mmodzi akakhala ndi khadi pakati pa abale makumi awiri opanda, khadilo limayesedwa, ndipo mwini wake amayesedwa koposa.

Tsopano kuli gulu lina, lolimba mtima, limene limati mkangano wonsewu ndi wa anthu okhuta. Iwo akuti chithandizo cha aliyense chimene azungu akuchilalikira lero ife tili nacho kuyambira nthawi ya Kamuzu. Pita ku Queens, ku Central ya ku Lilongwe, ya ku Zomba, ya ku Mzuzu, kapena kuchipatala cha boma lako, palibe adzakufunse tambala. Adzakuyeza, adzakugoneka, adzakung'amba n'kukusoka, udzatuluka ndi chipsera koma wopanda ngongole. Apa sakunama, ndipo tiyenera kuwapatsa ulemu wawo. Pali maiko olemera kutiposa kumene mayi amachira mwana n'kutsekeredwa m'wodi mpaka abale abweretse ndalama. Ma ARV akhala akuperekedwa ulere kuyambira 2004, ndipo ambiri a ife tikukumbukira mmene mashopu a mabokosi ankachitira malonda zisanafike zimenezo.

Koma asanamalize kulankhula, amayi a pamsika awadula kale pakamwa. Iwo akuti dokotala ndi waulere ndithu, benchi nalonso ndi laulere, koma akamaliza kukuyeza amalemba m'kabuku muja n'kunena mwaulemu kuti, "Mayi, awa atithera, kaguleni ku famase." Ndipo famaseyo siili patali, ili tsidya la msewu, moyang'anana ndi geti, malo amene mwini wake sanawasankhe mwangozi. Onjezani ya kabaza, ya minibasi, ya chakudya cha gadiyani amene wasiya geni yake kuti adzagone pansi pafupi ndi bedi. Pena mpaka ya mafuta a ambulasi. Ena amakokomeza kuti kuchipatala cha boma matenda onse, kuyambira dzino mpaka kuthyoka mwendo, mankhwala ake ndi Panado. Kumeneko n'kunamizira anthu, mankhwala a malungo a LA amapezeka ndithu nthawi zambiri. Koma wodwala shuga kapena BP amene amafunika mankhwala mwezi ndi mwezi akamadandaula, musamutsutse.

A kumadera a mishoni nawo ali ndi yawo. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno limachokera kuzipatala za CHAM, monga Nkhoma, Mlambe, Malamulo, Ekwendeni ndi St Luke's ku Malosa, ndipo kumeneko kumalipiridwa. Kuyambira 2006 boma limachita mapangano ndi zina mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa ulere, boma n'kumabweza ndalama, ngakhale kuti kubwezako kumayenda mwa kachitidwe ka boma. Koma bambo wa m'dera lomwelo akadwala chibayo, mbuzi imapita kumsika. Ndiye taonani, nzika ziwiri za dziko limodzi, msonkho wa pa katundu wa m'sitolo zimalipira wofanana, koma wina chipatala chapafupi n'chaulere, wina n'cholipira, mlandu wake n'ngwakuti amishonale anafika kwawo boma lisanafike.

Za mawodi olipira a m'zipatala zazikulu ndiye musaziyambe ngati muli pachangu. Ena akuti n'zanzeru, amene ali nazo alipire, ndalamazo zigulire mankhwala osauka. Ena akuti dokotala ndi mmodzi yemweyo, ndipo akakhala mbali yolipira ndiye kuti mbali inayo kulibe. Onse awiri amayankhula motsimikiza, ndipo palibe mwa iwo anaonapo mabuku a ndalamazo.

Nanga mankhwala amapita kuti? Funso limeneli lili ndi mayankho ambiri kuposa ofunsa. Ena akuti amabedwa, ndipo amaloza mnyamata wa pamsika amene amagulitsa makapisozi pambali pa mankhwala a makoswe. Kuba kulipo, anthu amangidwapo ndipo makhoti agamulapo. A m'maboma a m'malire monga Mwanza, Dedza ndi Mulanje akuti amatimalizira ndi anzathu a ku Mozambique, koma ponena zimenezo amatsitsa mawu, chifukwa anzathuwo ndi amalume awo ndi azisuweni awo. Ena akuti vuto ndi ndalama zakunja, pakuti pafupifupi mankhwala onse amagulidwa kunja ndipo ogulitsa safuna kwacha. Enanso akuti Central Medical Stores Trust ingagule bwanji pamene zipatala za boma lomwelo zili nayo ngongole.

Ife oweruza pamkangano uwu tikuti onsewa ali ndi kachigawo ka choonadi, koma akuzemba chachikulu. Ngakhale akuba onse atalapa Lamulungu likubwerali, ndalamazo n'zochepa. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa anakumana ku Abuja n'kulonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife takhala tili pansi pa mzerewo. Zoposa theka la ndalama zoyendetsera zaumoyo zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja. Ambiri tinkazimva ngati nkhani ya pawailesi chabe, mpaka Januwale 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lake, makiliniki ena n'kutseka zitseko, antchito n'kuuzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Pamenepo ngakhale aja amati zonse zili bwino anayamba kufunsa kuti kodi mwini wake wa chipatala chathu chaulerechi ndani.

Zikafika apa m'pamene amalowerera oyendayenda, ndipo aliyense amabwera ndi dziko lake m'thumba. Wa geni ya ku Chipata akuti tingotengera Zambia: anakhazikitsa lamulo mu 2018, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA linayamba kudula 1 peresenti kwa wantchito ndi 1 peresenti kwa bwana wake, basi, aliyense ndi khadi. Mnzake woyenda naye basi imodzi akuti inde, koma zipatala ndi mafamase a kumeneko amadandaula kuti NHIMA imachedwa kulipira, ndipo mlimi wa ku Lundazi wopanda payslip nkhaniyi amangoimvera patali. Wopita kumisonkhano akuti Rwanda, kumene anthu oposa 80 pa 100 alionse ali pa inshuwalansi ya m'madera, osaukitsitsa boma likuwalipirira. Anthu amagwedeza mitu mosirira, mpaka wina atakumbutsa kuti kumeneko boma likati lipirani anthu amalipira, pamene kuno msonkho wa pamsika wokha umafunika kuthamangitsana. Wowerenga manyuzipepala akuti Ghana, amene mu 2003 anaika 2.5 peresenti pamwamba pa msonkho wa katundu kuti ikhale ya zaumoyo, ndiye aliyense wogula amaponyamo osadziwa n'komwe.

A ku Joni ndiye amabwera ndi chenjezo. Akuti kumeneko a medical aid ndi ochepa, sakwana ngakhale mmodzi pa anthu asanu, koma ndalama zimene zimathera pa iwo zimapikisana ndi za ena onse pamodzi. Cyril Ramaphosa anasainira lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, la NHI, mu Meyi 2024 kuti thumba likhale limodzi, ndipo inki isanaume nkhani inali kale kukhoti. Apa phunziro lake ndi losavuta: a khadi akachuluka mphamvu, kuwabweza pamzere umodzi ndi anzawo kumafuna maloya. A ku Mangalande nawo amatumiza mauthenga a mawu pa WhatsApp otamanda NHS, imene chiyambire 1948 imathandiza nduna ndi wosesa mumsewu pakhomo limodzi. Amaiwala kutchula kuti odikira opaleshoni ndi zina kumeneko anapitirira 7 miliyoni, ndi kuti akabwera kutchuthi amakachotsa dzino ku Blantyre. Nkhani ija yakuti ku Manchester kuli madokotala a Chimalawi ambiri kuposa ku Malawi konse, amene anakhala pansi n'kuwerenga anapeza kuti n'njokokomeza, makamaka chitsegulireni College of Medicine mu 1991. Koma pabawo ikadali yamoyo, ndipo sitikuona kuti ifa msanga.

Tsono wina akangoti, "Chabwino, tiyeni nafenso tikhale ndi thumba limodzi la dziko lonse," a pamalipiro amadumpha. Akuti PAYE akudula, 5 peresenti ya penshoni akudula, ngongole ya kubanki ikudula, ndiye mukufuna kudulanso chiyani, dzina? Ndipo ndalamazo azisunga ndani? Apa pamangofunika munthu mmodzi kutchula Cashgate ya 2013, mkangano wonse umasanduka maliro a ndalama za boma. Mantha amenewa si opusa. Si opusanso amene amafunsa kuti mayi wogulitsa tomato, wakabaza ndi mlimi amene amaona ndalama kamodzi pachaka mudzawadula pati. Inshuwalansi yodalira payslip m'dziko la anthu opanda payslip idzangosindikiza makadi atsopano n'kuwapatsa omwe aja ali nawo kale.

Chotiseketsa ife n'chakuti anthu omwewa amene akuti sangaponye ndalama m'thumba limodzi amaponya tsiku ndi tsiku. Tsegulani foni. Gulu la akusukulu likusonkha za mnzathu wofunika dayalisisi, gulu la kumpingo likusonkha za mwana wopita ku India, gulu la akubanja likukumbutsa amene sanatumize pa Airtel Money kapena Mpamba, maina awo ataikidwa poyera kuti achite manyazi. Inshuwalansi tili nayo kale, koma ndi yoipitsitsa mwa zonse. Timalipira munthu atagona kale, matenda atakula, mtengo utakwera, ndipo amene amathandizidwa ndi wodziwika, wa anzake a ndalama, wa chithunzi chogwira mtima. Wopanda gulu amangofa mwakachetechete. Ndipo tivomereze, pamaliro timasonkha msanga kuposa pamatenda. Alipo ambiri amene ali ndi polise ya bokosi koma alibe ya chipatala, ndipo akafunsidwa amati bokosi ndiye lotsimikizika.

Amayi a banki m'khonde anaizindikira kalekale nzeru imene akatswiri amaiphunzira kuyunivesite. Pambali pa masheya pamakhala kathumba ka zadzidzidzi, aliyense amaponyamo pang'ono ali bwinobwino, ndipo kamathandiza amene tsoka lamugwera sabata imeneyo. Sadikira kuti munthu adwale kuti alowe, ndipo salola kuti athanzi okhaokha akayambitse gulu lawo. Chithandizo cha aliyense n'chomwecho, kungoti khondelo ndi dziko lonse. Kusiyana kwake n'kwakuti kubanki m'khonde bokosi limatsegulidwa anthu onse akuona, ndipo makiyi amasunga anthu osiyana.

Ikafika pa atsogoleri, tauni imagawikananso. Ena akuti zipatala zathu sizidzakonzeka mpaka tsiku limene adzaletse akuluakulu kukwera ndege akadwala. Amakumbutsa kuti Kamuzu, dokotala weniweni, anamwalirira kuchipatala cha ku Johannesburg mu 1997. Amakumbutsanso za Epulo 2012, pamene Bingu wa Mutharika anagwa mwadzidzidzi n'kuthamangira naye ku Kamuzu Central, chifukwa mtima sudikira kuti ndege itere. Ena akuti kuletsa munthu kukafuna moyo n'nkhanza, ndipo pamndandanda wa boma wa opita ku India palinso anthu wamba. Alipodi, ena amadikira mpaka dzina lawo limafika iwo atapita kale. Koma amene amakumbukira Januwale 2021 sachedwa kutseka mkanganowu. Covid itavuta, maulendo atavuta, nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, ndipo anthu wamba ndi amene anasonkha ndalama pa intaneti kuti zipatala za boma zipeze zipangizo za mpweya. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo wantchito wa m'nyumba akaitenga kuchitsime cha kwawo, imalowa naye pageti la bwana osagogoda. Ngakhale wa sikimu ya pamwamba akachita ngozi usiku pamsewu wa M1, ambulasi imakamutula kuchipatala cha boma chapafupi, ndipo moyo wake umadalira magazi, magulovu ndi namwino zimene zilipo usiku umenewo.

Ophunzira malamulo amakonda kutchula gawo 13 la malamulo aakulu a dziko a 1994, limene limalamula boma kuyesetsa kupereka chithandizo cha zaumoyo chokwanira. Anzawo amawayankha kuti gawolo lili pa mfundo zotsogolera boma, ndipo palibe anapitapo nalo ku famase n'kubwerako ndi insulin. Onse akunena zoona, ndipo tingawasiye apitirize okha.

Chigamulo chathu n'chakuti a khadi asunge makadi awo ngati akufuna, palibe akuwalanda, koma dziko lisamange chiyembekezo chake pa makadi. Chofunika ndi thumba limodzi lochokera mumisonkho, limene wopeza zambiri amaponyamo zambiri, lolipira chipatala cha boma ndi cha mishoni mofanana kuti wa ku Nkhoma asagulitse mbuzi pa matenda amene wa ku Kawale amachira ulere, ndipo mabuku ake azionetsedwa poyera boma ndi boma, chipatala ndi chipatala. Amene akuti tilibe ndalama ayambe ationetsa 15 peresenti ya ku Abuja ija, kenako tikambirane zotsalazo. Ndipo inu awerengi, aphungu akadzabweranso ndi nsalu ndi mipira, mudzawafunse mafunso awiri okha: bajeti ya zaumoyo anaivomereza ili pa maperesenti angati, ndipo iwo ndi ana awo akadwala amagonekedwa kuti.